Njira ikutseguka ku Arctic, ya mlimi wa ku Dowa ndi Ntchisi ikuduka

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kuli nyanja ya mchere yotchedwa Arctic, yomwe yazunguliridwa ndi mayiko a Russia, Norway, Canada ndi United States komanso chilumba cha Greenland, ndipo kwa zaka zikwizikwi pamwamba pake pakhala pali madzi oundana, kutanthauza madzi a m'nyanja amene amalimba gwa chifukwa cha kuzizira n'kumayandama, ena ochindikala mamita awiri, ena kuposa apo. Madzi oundanawa sakhala chimodzimodzi chaka chonse, pakuti amafutukuka m'nyengo yozizira ya kumeneko kufikira mwezi wa Malichi, kenaka dzuwa likabwerera amayamba kusungunuka kuchokera m'mbali mpaka pakati pa Seputembala, pamene amakhala atatsala ochepa zedi. Kuyambira chaka cha 1979 akatswiri akhala akuyeza kukula kwake ndi masetilaiti, zipangizo zoyenda m'mlengalenga zimene zimajambula dziko tsiku ndi tsiku, ndipo apeza kuti m'zaka za m'ma 1980 madzi oundana otsala mu Seputembala ankaphimba masikweya kilomita pafupifupi 7 miliyoni, koma mu Seputembala 2012 anangophimba 3.4 miliyoni. Malo amene anavundukuka chaka chimenecho akadalowamo mayiko aakulu ngati Malawi pafupifupi 30.

Gwero la kusungunukaku ndi kutentha kwa dziko, kumene kukudza chifukwa cha mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi amene anthu amayatsa m'mafakitale, m'magalimoto ndi m'malo opangira magetsi, mpweya umene ukachuluka m'mlengalenga umatsekereza kutentha kuti kusatuluke. Komabe dera la Arctic likutentha mwa liwiro lakelake, moti akatswiri a zanyengo a ku Finland analengeza mu 2022 kuti kuyambira 1979 derali latentha mofulumira pafupifupi kanayi poyerekeza ndi dziko lonse. Chifukwa chachikulu n'chakuti madzi oundana ndi oyera mbee ndipo amabweza kumwamba kuwala kochuluka kwa dzuwa, pamene nyanja yovundukuka ndi yakuda ndipo imameza pafupifupi kuwala konse. Choncho pakasungunuka pang'ono madzi amafunda, madzi ofundawo amasungunula pena, ndipo zinthu zimangodzikankha zokha. Bungwe la akatswiri a zanyengo la United Nations, la IPCC, likuti chisanafike chaka cha 2050 padzakhala Seputembala mmodzi kapena kuposerapo amene nyanjayi idzakhale yopanda madzi oundana oti n'kuwawerengera.

Kwa amalinyero a ku Ulaya, nyanja imeneyi inali khomo lotseka limene anakhala akuligogoda kwa zaka mazana pofuna chidule chopitira ku Asia. Njira zake ndi ziwiri: ya kumadzulo yotchedwa Northwest Passage, yokhotakhota pakati pa zilumba za Canada, ndi ya kum'mawa, imene mbali yake yaikulu imatchedwa Northern Sea Route, yotsata gombe la Russia. Mu 1845 John Franklin wa ku Britain ananyamuka ndi sitima ziwiri, Erebus ndi Terror, kukafufuza njira ya kumadzulo, koma sitimazo zinapanikizidwa ndi madzi oundana ndipo anthu onse 129 anathera komweko. Zibenthu za sitimazo zinapezeka pansi pa nyanja mu 2014 ndi 2016. Roald Amundsen wa ku Norway ndiye anadutsa njirayo koyamba pa sitima, ndipo zinamutengera zaka zitatu, kuchokera 1903 mpaka 1906. Patapita zaka 110, mu 2016, sitima ya alendo okaona malo yotchedwa Crystal Serenity inadutsa dera lomwelo itanyamula anthu pafupifupi 1,000 olipira ndalama zambiri, amene ankadya ndi kumwa uku akuonerera pawindo gombe limene anzawo akale anafera ndi njala.

Phindu lenileni lili kunjira ya kum'mawa. Ulendo wochoka ku Rotterdam kupita ku Yokohama podzera pa ngalande ya Suez ndi wa makilomita pafupifupi 21,000, pamene podzera kumpoto kwa Russia ndi wa makilomita pafupifupi 13,000, ndipo kusiyana kotereku kumatanthauza masiku ambiri ndiponso mafuta ochuluka opulumutsidwa. Mu Ogasiti 2017 sitima yonyamula gasi yotchedwa Christophe de Margerie inayenda kuchoka ku Norway kukafika ku South Korea m'masiku 19 popanda kutsogoleredwa ndi sitima yoswa madzi oundana, ndipo mu 2018 kampani ya Maersk inayesa njirayi ndi sitima ya makontena. Ngakhale zili choncho, m'pofunika kusatengeka ndi phokoso la otsatsa malonda. Boma la Russia linkafuna kuti pofika 2024 katundu wodutsa njirayi akwane matani 80 miliyoni pachaka, koma chaka chimenecho anangokwana pafupifupi 38 miliyoni, pamene ngalande ya Suez pa zaka zabwino imadutsitsa matani oposa 1 biliyoni. Njira ya kumpotoyi imayendeka bwino kwa miyezi yochepa chabe, madoko othawirako pakagwa ngozi ndi otalikirana, inshuwalansi ndi yokwera mtengo, ndipo aliyense wodutsa amayenera kupempha chilolezo kwa Russia, dziko lokhalo lokhala ndi sitima zoswa madzi oundana zoyendera mphamvu ya nyukiliya.

Chochititsa chidwi, kapena chomvetsa chisoni, ndi katundu amene akudutsa kumeneko. Wambiri ndi gasi wochokera padoko la Sabetta ku Yamal, limene linayamba kutumiza gasi mu Disembala 2017, kuphatikizapo mafuta ndi miyala ya m'migodi. Apa ndiye kuti kuyatsa mafuta kwasungunula madzi oundana, ndipo njira imene yatsegukayo ikugwiritsidwa ntchito kutulutsira mafuta ena oti akayatsidwenso. Sitimazo nazo zimatulutsa mwaye umene ukatera pamadzi oundana umawadetsa n'kufulumizitsa kusungunuka, n'chifukwa chake bungwe loona za maulendo a panyanja la International Maritime Organization linaletsa mafuta akuda okhathamira m'nyanjayi kuyambira pa 1 Julayi 2024, ngakhale linasiya mipata yolola sitima zambiri kupitiriza kuwagwiritsa ntchito mpaka 2029.

Munthu wa ku Mponela, ku Madisi kapena kwa Nthondo angafunse kuti nkhani ya nyanja yakutali chotere ikumukhudza bwanji, iye amene sanaonepo ngakhale nyanja ya mchere. Yankho loyamba lili m'mbiri ya dziko lino, chifukwa nkhani ya nyengo kutsegula ndi kutseka njira za pamadzi si yachilendo kuno. Sitima yoyamba kuyenda pa nyanja ya Malawi, Ilala ya amishoni a Livingstonia, inabwera kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, inanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu kulambalala mathithi, n'kulowa m'nyanja mu Okutobala 1875, nthawi imene madzi anali ambiri. Kwa zaka zotsatira njira imeneyi inali mtsempha wa malonda a kampani ya Mandala, ndipo ngakhale mapiri a Dowa, kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazikitsa Mvera mu 1889, ankalandira katundu wawo kuchokera kunyanja, wotsitsidwa ku Domira Bay n'kukwezedwa chitunda pamitu ya amtengatenga. Koma madzi atayamba kuphwa, sitima zochokera ku Chinde zinaleka kufika kwa Katunga pafupi ndi Chikwawa n'kumathera ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, ndipo kuchokera cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 mtsinje wa Shire unasiyiratu kutuluka m'nyanja. Njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 ndi ku Salima mu 1935 inamangidwa, mwa zina, chifukwa mtsinje unali utakana. Kuphwa kumeneko kunali kwachilengedwe, kosiyana ndi kutentha kwa masiku ano kochititsidwa ndi anthu, koma kunaonetsa poyera kuti chuma cha dziko lopanda doko chimapendekera kumene madzi apendekera.

Yankho lachiwiri lili m'thumba la feteleza. Maboma a Dowa ndi Ntchisi, amene pa kalembera wa 2018 anali ndi anthu oposa 770,000 ndi oposa 317,000, amakhalira chimanga, fodya, soya, mtedza ndi nyemba, ndipo ulimi umenewu wamangika pa sitima zapamadzi kumbali zonse ziwiri. Feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mafuta a galimoto zimene zimamubweretsa, ngakhalenso mankhwala ophera mbozi, zonsezi zimatsikira pamadoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo fodya amene amachoka m'zigafa za kwa Dzoole ndi kwa Kalumo akagulitsidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma amatulukira madoko omwewo. Feteleza wa yureya amapangidwa kuchokera ku gasi, choncho mtengo wa gasi ukakwera ku Ulaya, monga zinachitikira nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mlimi wa pa Chezi amaumva mtengowo m'dzinja lomwelo; ndipo kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunangowonjezera pa ululuwo. Matani 20,000 a feteleza amene kampani ya ku Russia ya Uralchem inapereka kwa Malawi ananyamuka ku Netherlands mu Novembala 2022, anadzera ku Mozambique, ndipo mwambo wowapereka unachitika mu Malichi 2023, chimanga chambiri chitabereka kale.

Njira ya ku Arctic sifupikitsa ulendo uliwonse mwa maulendo amenewa, ngakhale ndi kilomita imodzi. Imalumikiza mayiko a kumpoto okhaokha, Ulaya ndi China, Japan ndi Korea, ndipo n'chifukwa chake dziko la China mu 2018 linaiika m'ndondomeko zake za malonda ngakhale lilibe gombe kumeneko. Chimene kutentha komweko kwabweretsa ku njira za kummwera n'chosiyana kotheratu. Nyanja ya Indian ikafunda imapatsa mphamvu anamondwe ndipo mpweya wofunda umanyamula mvula yochuluka. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anagwera mzinda wa Beira n'kudula msewu waukulu wochoka padokopo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 a magetsi, zimene zinaimitsa zigayo ngakhale m'maboma amene mvula ya namondweyo sinafike. Ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera, ena mazanamazana osapezeka mpaka lero. Akatswiri a gulu la World Weather Attribution atasanthula mvula ya Ana anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaikulitsa. Doko la Nsanje, limene Bingu wa Mutharika analitsegula mu Okutobala 2010 pofuna kudzutsa njira yakale ya Shire ndi Zambezi, silinalandirepo sitima za malonda, ngakhale kumeneko chopinga chachikulu chinali kusamvana ndi boma la Mozambique.

M'mapiri enieniwo kusintha kwa nyengo sikubwera ndi mkokomo wa namondwe, kumaonekera m'kalendala ya munda. Alimi achikulire ankawerengera chizimalupsa, mvula yoyamba yozima malo opserera, kenaka mvula yobzalira cha mu Novembala, ndipo ntchito zonse, kuyambira kugalauza mpaka kubandira, zinkatsatana pa nthawi yake. Masiku ano mvula yobzalira imatha kuchedwa mpaka mkati mwa Disembala, kapena kugwa kamodzi n'kudula mbewu zitamera, zimene zimakakamiza banja kugulanso mbewu ina. Choopsa kwambiri ndi ng'amba ya mu Januwale ndi Febuluwale, imene imapeza chimanga chikumasula ngayaye: masamba amapiringizika nthawi ya m'mawa ndithu, mungu umauma usanagwere pa ndevu, ndipo chisononkho chimatuluka cha maso apatalipatali. Feteleza wobereketsa amene mayi wathira ndi kachivindikiro ka botolo paphando lililonse amangokhala mbuu padothi louma, mphamvu yake n'kumauluka ndi dzuwa. Ndipo mvula ikabwera pambuyo pake imagwa yonse tsiku limodzi, n'kudula mizere ya pamtsetse, kukokolola feteleza pamodzi ndi chonde, n'kusiya zigwembe zimene chaka chilichonse zimadya munda. Thumba limene lawoloka nyanja ziwiri ndi malire a mayiko limatha kuthera mumtsinje wa Bua masana amodzi.

Zoterezi zinalembedwapo kale m'dera lomweli. M'chaka cha 2006, pamene dziko lonse linkakondwerera zokolola zochuluka za sabuside, dera la mfumu yaikulu Chakhaza kumpoto kwa Dowa linapsa ndi ng'amba, moti bungwe la Concern Worldwide linayamba kugawa ndalama kwa mabanja kuchokera Disembala 2006 mpaka Epulo 2007, pogwiritsa ntchito galimoto ya banki yoyendayenda. Kafukufuku wa nyengo ya dziko lino anaonetsa kuti pakati pa 1960 ndi 2006 kutentha kunakwera ndi madigiri 0.9. Mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itawononga minda, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo kutangotsala milungu yochepa kuti alengeze choncho, anthu a ku Dwangwa m'boma loyandikana la Nkhotakota anali akuthawa madzi osefukira. Chaka chomwecho nyanja ya Malawi inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Chilala kumtunda ndi chigumula kunsi m'nyengo imodzi ndicho chizindikiro cha nyengo yosokonekera.

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa kungakhale kulakwa kunena kuti kusungunuka kwa ku Arctic ndiko kukuumitsa minda ya ku Dowa. Mvula ya dziko lino imalamulidwa ndi zinthu zapafupi: mzere wa m'mlengalenga umene mphepo za kumpoto ndi kummwera zimakumanirana, chinyontho chochokera ku Congo, kutentha kwa nyanja ya Indian, ndi El Niño, ndiko kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo n'kuchepetsa mvula kummwera kwa Africa. Kusungunuka kwa kumpoto ndi kusokonekera kwa mvula ya kuno ndi zotsatira ziwiri za chinthu chimodzi, mpweya wa kaboni, ndipo kuchuluka kwake kumawerengeka. Mu 2016 akatswiri awiri, Dirk Notz ndi Julienne Stroeve, anaonetsa kuti tani iliyonse ya mpweyawu imachotsa masikweya mita pafupifupi atatu a madzi oundana a mu Seputembala. Munthu wa ku United States amatulutsa matani pafupifupi 14 pachaka, ndiye kuti amasungunula masikweya mita oposa 40. Mmalawi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani kuchokera ku mafuta ndi simenti, ndipo malo amene amasungunula pachaka ndi aakulu ngati lichero.

Kuchepa kwa mlandu wa Amalawi pa nkhani ya Arctic sikuwachotsera mlandu wa pakhomo. Nkhalango ya Ntchisi, yokhala paphiri lotalika mamita pafupifupi 1,700, ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zobiriwira chaka chonse zimene zatsala m'chigawo chapakati, ndipo mbiri imati makolo ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. Phiri lovala mitengo limamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mu akasupe mpaka m'chilimwe, n'chifukwa chake madimba a m'munsi mwake amakhala ndi madzi. Phiri lometedwa limataya madzi onse nthawi imodzi pamodzi ndi dothi. Mitunda yambiri ya ku Dowa inametedwa kale ndi minda, milimo ya zigafa, mauvuni a njerwa ndi makala amene amatsetsereka panjinga usiku kulowera ku Lilongwe, ndipo msasa wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu osaposa 12,000 koma tsopano uli ndi oposa 50,000, nawo umafuna nkhuni tsiku lililonse. Dothi lochoka m'mapiriwa limakathera m'nyanja ndi m'thamanda la Chia, ndipo limakwirira miyala ya mumtsinje wa Bua imene nsomba za mpasa zimaikirapo mazira. Nzeru zothana ndi vutoli n'zodziwika kwa mlangizi aliyense: akalozera, ndiyo mizere ikuluikulu yopingasa mtsetse, udzu wa vetiva, ngonyeka zogwira madzi m'makwawa, kuphimbira nthaka ndi mapesi, manyowa a Mbeya osakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, ndiponso kusamalira zitsa kuti ziphukenso. Chimene chimasowa ndi ndalama zokhalitsa ndi alangizi okwanira, pakuti ntchito zambiri zotere zimayenda pokhapokha pulojekiti ilipo, ndipo ikatha zikwangwani zokha ndizo zimatsala m'mbali mwa msewu.

N'chifukwa chake nkhani ya sitima za ku Arctic iyenera kuwerengedwa kuno ngati nkhani ya ndalama ndi chilungamo. Sitima zapamadzi zimatulutsa pafupifupi 3 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko, ndipo mu Epulo 2025 mayiko a m'bungwe la International Maritime Organization, limene Malawi ndi membala wake, anagwirizana za ndondomeko yolipiritsa sitima zotulutsa mpweya wambiri, koma mu Okutobala chaka chomwecho anaimitsa kuikhazikitsa kwa chaka chimodzi, makamaka chifukwa cha kukana kwa United States ndi Saudi Arabia. Kwa dziko lopanda doko ndondomeko yotere ili ndi mbali ziwiri, chifukwa eni sitima akalipiritsidwa adzakweza mtengo wonyamulira, ndipo mtengowo udzafika pathumba la feteleza ku Mponela. Choncho nthumwi za Malawi ziyenera kulimbikira kuti gawo la ndalama zotoleredwazo lizibwera kwa mayiko osauka, osangoti lizithera m'madoko ndi m'makampani a mayiko olemera. Malawi ali ndi pokambira, pakuti mu 2024 ndi 2025 Evans Njewa, mkulu wa m'boma la dziko lino, anatsogolera gulu la mayiko osaukitsitsa pa zokambirana za nyengo.

Pa zokambirana zimenezi, thumba la ndalama zolipirira zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, patatha zaka pafupifupi 30 mayiko osauka akulipempha, ndipo pamsonkhano wa ku Dubai mu 2023 mayiko olemera analonjeza kuikamo madola pafupifupi 700 miliyoni oti agawane mayiko onse ovutika a pa dziko lapansi. Kafukufuku wa boma la Malawi chaka chomwecho anapeza kuti kukonzanso zimene namondwe wa Freddy yekha anawononga m'dziko lino kukufunika madola 680 miliyoni.